Mpira Unauma, Mutu Uli Theka

"Ine waya sangandinamize," anatero Wamawaya akudziguguda pachifuwa. "Ndalumikiza maofesi m'mayiko asanu. Wakuba intaneti ndimamugwira osakwera ndi makwerero omwe!"

Mwini nyumba yosanjayo sanaseke. Anthu onse ochita lendi m'maofesi ake ankadandaula kuti intaneti ikukwawa ngati nkhono.

"Mukapanda kupeza vuto lero, mawa ndiitana wina."

Wamawaya anatsegula kabati mmene munali bokosi logawa intaneti m'maofesi. Bowo lililonse lolowetsamo waya linali ndi kagetsi kake kobiriwira. Ka bowo 19 kankaphethira ngati diso la wabodza, chikhalirecho ofesi yake inatsekedwa kalekale. Atasuzumira pakompyuta anaona kuti bowolo likungokoka mpira wokhawokha. Anamwetulira, n'kutsikira pansi kukametetsa kwa mlamu wake, amene anali ndi shopu yometera m'nyumba yomweyo.

M'shopumo munali modzaza, maso onse ali pa TV.

"Alamu, mpira wowala chonchi mukuugula kuti?"

"Ndi madalitso, alamu. Weramitsani mutu."

Mbali imodzi ya mutu itayera, woimbira mpira analoza penate. Wamawaya anagwira foni pansi pa nsalu yometera n'kutseka bowo 19. Woponya penateyo anauma pa TV mwendo uli m'malere. Shopu yonse inakuwa.

"Kani madalitso aja amadzera m'bokosi langa?"

Mlamuyo anamuyang'ana pagalasi, n'kuzimitsa mashini.

"Nawonso mashini auma, alamu. Kaonekereni choncho kwa abwana. Koma dikirani ndikujambuleni, mlongo wanga aone chimene anakwatiwa nacho."

Wamawaya anadziona: uku dzira, uku tchire. Mwini nyumba n'kuti akumudikira pamwamba.

"Nditsegula penate yokha."

"Mpaka mpira uthe."

"Chabwino. Koma ukangotha mukwere nokha kudenga, mukatsitse waya wanga wa mamita makumi atatu uja anasowa tsiku lomwe ndinakubwerekani galimoto."

Bowo linatseguka, mashini analira. Penate ija inali itapita kale kumitambo, ndipo anthu anatukwana alamu onse awiri mofanana.

Mpira utatha, wometa anakwera makwerero akung'ung'udza, n'kutsika akutsokomola, akangaude ali mbuu m'tsitsi. Kagetsi ka bowo 19 kanazima, ndipo intaneti inayamba kuthamanga.

"Mwaona, bwana? Phazi langa silinachoke pansi," anatero Wamawaya mwini nyumba atatsika, mutu uli phuliphuli.

Kenako anayeza wayayo ndi tepi, mlamu wake akuonerera. Anakwana ndendende mamita makumi atatu.