Live Kapena Leave

Foni inalira make mapasa ali pakati poluka kasitomala. Mbali ya kumanja anali atamaliza, ya kumanzere tsitsi linali lidakali nyankhalala, chipeso chili chobayika momwemo. Anapukuta mafuta a m'manja pa epuloni n'kuyang'ana nambala. Inali yakunja, ya dziko limene mwamuna wake ankagwirako ntchito ya zomangamanga, koma sinali ya mwamuna wakeyo.

Mwezi wathawo mwamunayo anagwa pa makwerero n'kuthyoka mwendo. Anamuuza kuti ndi zazing'ono, asadandaule, koma kuchokera sabata yathayo foni ya mwamunayo inali yothima.

Woyimbayo anali mayi, ndipo ankayankhula Chingerezi chothamanga ngati akuthamangitsidwa. Make mapasa sukulu anasiyira panjira, Chingerezi chake chinali chongokwanira kulonjera makasitomala ndi kuwerenga mabotolo a mankhwala a tsitsi. Anatolako kuti mayiyo ndi nesi, anamva dzina la mwamuna wake, anavomera kuti inde ndi mkazi wake. Kenako nesiyo ananena mawu ena kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

"He will not livi."

Umu ndi mmene analowera m'khutu mwake. Nesiyo anawonjezera zina, foni inayamba kudukaduka, kenako zii.

Make mapasa anapezeka atakhala pa kampando kosambitsirapo mitu. Mawu amenewo ankawadziwa, anawaphunzira ali mwana. Live, kukhala ndi moyo. Sakhala moyo. Anayimbira mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, woyendetsa njinga yamoto. Mlamuyo atamva anati akupita kunyumba kukauza mayi awo, chifukwa nkhani yotere siyenera kuwapeza kudzera kwa anthu a m'njira. Anadula foni make mapasa asanayankhe.

Kasitomala uja nthawi yonseyi ankamuyang'ana pa galasi. Anali aphunzitsi a ku pulayimale, mayi wachikulire amene ankabwera kudzalukitsa kumapeto kwa mwezi uliwonse. Anatembenuza mpando n'kufunsa kuti nesiyo wanena chiyani kwenikweni, osati tanthauzo lake, koma mawu ake enieniwo. Make mapasa anawabwereza.

"Anakoka mawu omalizawo kapena anawadula?" anafunsa aphunzitsiwo.

Iye sanamvetse funsolo. Aphunzitsi anafotokoza kuti pali mawu awiri. Ena ndi live, afupi, onena za moyo. Ena ndi leave, okoka, onena za kuchoka pamalo. Anawatchula onse awiri motsatizana, pakamwa atayasamula ngati ali m'kalasi. Make mapasa anatchera khutu, koma ankamva mawu amodzimodzi onenedwa kawiri.

Anatseka maso kuti akumbukire mawu a nesi uja. Akafuna kuti akhale okoka, ankamveka okoka. Mantha akabwerera, ankamveka afupi. Mkwiyo unamugwira.

"Aphunzitsi, musandipatse chiyembekezo chabodza. Munthu wathyoka mwendo, angayimbire foni kuno kudzandiuza kuti sachoka? Sachoka kuti?"

Aphunzitsi sanakhumudwe. Anavomera kuti iwonso, ndi zaka zonse zimene akhala akuphunzitsa, mawu awiriwa pa foni amawasokoneza, ndipo chimene chimawapulumutsa ndi mawu oyandikana nawo. Anafunsa ngati anamvanso china. Make mapasa anaganiza, n'kunena kuti foni isanaduke anamva bad, ndipo bad ndiye kuti zaipa. Aphunzitsi anati mwina anali bed, bedi logonapo odwala.

Panalibe china chochita koma kuyimbanso. Koma choyamba make mapasa anakumbukira apongozi ake. Mayiwo ankakhala naye nyumba imodzi, ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwana wawo woyamba anamwalira pa ngozi ya galimoto. Tsiku limene anamva za imfa ija anagwa pakhomo n'kugona m'chipatala. Anayimbira mlamu wake kuti ayambe wadikira. Foni inalira mpaka kuduka. Anayimbanso, osayankhidwa. Anamuona m'maganizo ali pa njinga, chipewa chili kumutu, foni ikulira m'thumba la jekete, akudutsa pakati pa magalimoto kulunjika kunyumba.

Mayunitsi ake anali ochepa, choncho aphunzitsi anapereka foni yawo. Nambala ija inali ya pa ofesi yolandirira anthu ku chipatala. Anawayika pa nyimbo, kenako anawalumikiza ku wodi ina yolakwika. Atafika ku wodi yoyenera, mwamuna amene anayankha anakana kuuza aphunzitsi chilichonse. Anati za wodwala amauza mkazi wake yekha, ndipo nesi amene anayimba uja watuluka pang'ono, adikire. Nyimbo ija inayambiranso.

M'saluni munali zii. Mnzake wogwira naye ntchito anali atazimitsa chowumitsira tsitsi, kasitomala wake atakhala ndi thaulo kumutu osadandaula. Panja wogulitsa zipatso ankaitanira malonda ngati tsiku lina lililonse. Aphunzitsi anamulangiza kuti nesi akabwera angofunsa mwachindunji ngati mwamuna wake akufa. Make mapasa anapukusa mutu. Mawu amenewo sakanatuluka pakamwa pake, m'Chingerezi ngakhale m'chinenero chilichonse. Ndiye anagwirizana kuti apemphe nesiyo atchule zilembo za mawuwo chimodzichimodzi. Aphunzitsi anamuuza kuti amvetsere chilembo chachiwiri. Chikakhala E, ndi kuchoka. Za chilembo chinacho sananene.

Uku akudikira, ndi dzanja linalo ankayimbirabe mlamu wake pa foni yake. Sinkayankhidwa.

Nyimbo inaduka, mawu a nesi uja anamveka. Make mapasa anayika foni pa sipika, anadzitchula kuti ndi ndani, ndipo ananena zimene anamuphunzitsa zija. Nesiyo anadabwa, anafunsa kuti mawu ake ati. Iye anawabwereza mmene anawamvera. Nesi uja anapuma mwamphamvu ngati munthu amene wazindikira chimene wachita.

"L," anatero. "E."

Zilembo zinazo make mapasa sanazimve. Aphunzitsi anali atamugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa m'khungu, ndipo mnzake uja anali atayamba kulira.

Nesiyo anapepesa kangapo. Tsopano ankayankhula pang'onopang'ono, aphunzitsi akumasulira monong'ona. Mwendo unali kupola bwino. Dokotala anali atamutulutsa kale, koma wodwalayo ankakana kuchoka. Akamubweretsera ndodo zoyendera ankatembenukira kukhoma. Bedi linkafunika kwa odwala ena, ndipo asanaitane alonda anaganiza zoyesa kaye mkazi wake. Anati adikire, apititsa foni kwa mwini wakeyo.

Panamveka nsapato zikugogoda m'khonde, chitseko, mawu a wailesi chapatali. Kenako mawu amene ankawadziwa, otsika kwambiri.

"Make mapasa."

Iye anachotsa sipika n'kupita kuseri kwa katani kumene ankasungirako mataulo. Anali atakonzeka kulira, koma chimene chinatuluka ndi ukali. Anamufunsa chifukwa chake anathimitsa foni, chifukwa chake akuvutitsa anthu a chipatala, ngati akudziwa kuti kuno anthu atsala pang'ono kuyala mphasa za maliro. Mwamunayo anamusiya mpaka atatopa. Kenako anafotokoza. Kampani inamuchotsa ntchito ali chigonere. Chipinda chimene ankagona chinali cha kampaniyo, ndipo anali ataikamo kale munthu wina, katundu wake ali m'chikwama kwa mlonda wa pageti. Foni anathimitsa yekha chifukwa sankadziwa kuti ayambira pati kumuuza. Akatuluka pa chipata cha chipatalacho analibe kolowera.

"Bwerani kunyumba," anatero make mapasa.

"Ndibwere nditanyamula chiyani? Anthu onse aja anandiperekeza."

"Munyamule ndodo zanuzo. Ana akufuna bambo awo, sakufuna chikwama."

Pomaliza mwamunayo anati apempha a chipatala amusunge mpaka m'mawa, ndipo ayimbira mnzake wina wa kuntchito amuthandize kupeza basi.

Foni yake ija inalira m'thumba la epuloni. Anali mlamu wake. Anati wafika, waima pakhomo, sananene kanthu, koma mayi aona nkhope yake ndipo akhala pansi pa khonde, akufunsa kuti wamwalira ndani. Make mapasa anati awapatse foniyo msangamsanga.

"Amayi, ndine. Ali moyo. Ndayankhula nawo pompano, mwendo ukupola. Ndinamva molakwa Chingerezi."

Apongozi akewo ankapuma mofulumira. Anamuuza kuti abwereze, iye anabwereza. Anafunsa ngati sakuwanamiza pofuna kuwateteza, ndipo iye analumbira pa ana ake. Ndiye anafunsa kuti nanga a chipatala amafuna chiyani. Make mapasa anawauza zoona, kuti mwana wawo ntchito yatha, ndipo akukana kutsika pa bedi la eni ake chifukwa cha manyazi.

Mayiwo anatsokomola, mawu awo n'kubwerera m'malo mwake. Anati ameneyo ndi yemweyo, ali mwana atalephera mayeso anakwera mumtengo wa kuseri kwa nyumba n'kukhala momwemo mpaka njala inamutsitsa. Analamula kuti mlamuyo apatsidwe nambala ya chipatalayo, akufuna ayankhule okha ndi wodwalayo.

Mwamunayo anafika kumapeto kwa sabata yotsatira, ataonda, buluku atalipinda mwendo umodzi pamwamba pa pulasitala. Mapasa anakanganirana ndodo zake asanalowe n'komwe m'nyumba, ndipo mwamunayo anayenera kuima ndi mwendo umodzi atatsamira mng'ono wake mpaka agogo awo atawakalipira kuti abweze.