Inde wa Kwathu, Ayi wa Kwawo

Mayi Bilyana Gancheva atalowa m'kalasi mwawo Lachinayi m'mawa, anapeza ahedi ataima pampando wa mwana, akukhoma chinsalu pamwamba pa bolodi. Pachinsalupo panalembedwa kuti OLA LA CHIFUNDO, ndipo pakona panali chithunzi cha ahedi omwewo, Bambo Pashov, akumwetulira ngati chifundocho anachiyambitsa ndi iwo.

"Chawongoka?" anafunsa ahedi.

"Chapendekera kumanzere, bwana."

"Lopendekera ndi khoma. Woyendera sukulu afika teni koloko. Nkhani ija yakonzeka?"

Inali itakonzeka, masamba atatu. Ofesi ya maphunziro inalamula kuti ana azimva nkhani zoona zowaphunzitsa kumvera anzawo chisoni ndi kusasankhana. Sukulu zina zinangodula nkhani m'nyuzipepala. Ahedi anati yawo ili ndi nkhani yoyenda ndi miyendo: Solomiya, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu amene anathawa nkhondo ku Ukraine ndi mayi ake mwezi wapitawo. M'masambamo munali ulendo wa masiku atatu pasitima, mphaka m'chikwama, ndi nyumba yawo imene bomba linagumula iwo atachoka kale. Mayi Gancheva anamva zonsezi kwa womasulira tsiku lolembetsa mwanayo.

"Mukafika pa nyumba paja muime pang'ono," anatero ahedi akutsika. "Ine nditulutsa mpango. Mayi ake anavomera, eti?"

"Ndinawafunsa pageti Lolemba. Anapukusa mutu kawiri konse."

Kuno ku Dobrich, monga m'Bulgaria monse, wovomera amapukusa mutu, wokana amagwedezera mutu m'mwamba ndi pansi. Palibe amene amaziganizira, monga mmene munthu saganizira za lilime m'kamwa mwake.

Chimene chinkawadya Mayi Gancheva chinali china. Nkhani yawo inkatha ndi mawu akuti kalasi yonse inamulandira Solomiya ndi manja awiri, pamene mwanayo nthawi yopuma iliyonse ankaima yekha pakhoma la bwalo, manja m'thumba. Anzake ankati ndi wonyada. Nanga woyenderayo akasuzumira pawindo?

Mayi ake a Solomiya, a Halyna, anafika kutatsala theka la ola. Ankadziwa kuti pali mwambo ndipo makolo aitanidwa. Mayi Gancheva anawatengera m'chipinda cha aphunzitsi, n'kunyamula ketulo.

"Khofi?"

A Halyna anagwedezera mutu m'mwamba ndi pansi. Mayi Gancheva anabweza ketulo pamalo pake. Mlendoyo anayang'ana kapu, anayang'ana ketulo, kenako analankhula pang'onopang'ono, potola mawu ochepa amene ankadziwa.

"Inde. Khofi. Chonde."

Mayi Gancheva anatembenukira kwa mlendoyo.

"Mayi, kwanu mukatere," anagwedeza mutu, "ndiye kuti chiyani?"

"Inde."

"Nanga mukatere?" Anapukusa.

"Ayi."

"Lolemba ndinakufunsani ngati ndingauze ana nkhani yanu."

"Ndinati ayi. Kawiri." A Halyna anaona masamba atatu aja patebulo, nkhope n'kusintha. Anagwira mkono wa Mayi Gancheva mwamphamvu. "Nyumba. Solomiya sadziwa. Amati chilimwe tipita. Chidole chake chili pabedi."

Mayi Gancheva anawapeza ahedi pakhonde akuyeserera kugwirana chanza ndi mphepo.

"Bwana, mayi aja anakana. Kwawo kupukusa mutu ndi kukana."

Ahedi anaganiza mozama, monga amachitira pamaso pa anthu.

"Anapukusira kuti mutuwo?"

"Pageti."

"Geti lili m'Bulgaria. Ndiye kuti anavomera."

"Mwana sakudziwa za nyumba."

"Dumphani nyumbayo."

"Anakana nkhani yonse, bwana, ndi mphaka yemwe."

"Mayi Gancheva, ndakhala pampando uno zaka khumi ndi zinayi popanda lipoti loipa. Mwatsala ndi zaka ziwiri kuti mupume pantchito. Muzimalize bwino." Galimoto inalowa pageti, ahedi anathamangira chanza chenicheni.

Teni koloko inapeza kalasi itadzaza. Makolo anakhala kumbuyo, mawondo atafika m'chibwano pamipando ya ana. Woyenderayo, mayi wowonda wa magalasi, anatsegula kope. A Halyna anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pa masamba atatu aja. Solomiya anakhala kutsogolo, pamene ahedi anamuika kuti aoneke bwino.

Mayi Gancheva anayang'ana mzere woyamba. Anapinda masambawo, n'kuwatsindira ndi bokosi la choko.

"Ana inu, ndani anamuitanapo Solomiya kuti akasewere?"

Manja anakwera ambiri. Ahedi anatsokomola.

"Desi, anakuyankha chiyani?"

"Anakana, madamu. Tsiku lililonse amatere." Desi, mtsikana wa pakamwa potseguka, anagwedeza mutu monyanyira. Ana anaseka.

"Ndiye inu munkatani?"

"Tinkathamanga kumapita. Tizimupempha ngati mfumukazi?"

"Kwawo kwa Solomiya, kutereko ndi inde."

Kuseka kunatha.

"Masiku khumi ndi asanu ndi anayi mwamufunsa, masiku onsewo wavomera, inu n'kumuthawa. Mukanakhala inu, mukanaganiza kuti anzanu akukuchitani chiyani?"

"Kuti akundiseka," Desi anayankha motsitsa.

"Musadziimbe mlandu nokha. Ine, ndi imvi zangazi, m'mawa uno ndawamana mayi ake khofi atamupempha. Nkhani yoona ya lero ndi imeneyo. Ina ndilibe."

Makolo ena anaseka. Woyenderayo analemba kanthu kafupi kwambiri. Ahedi anali atatulutsa kale mpango, ndipo posowa ntchito yake anapukutira magalasi ake. Ola la Chifundo linatha m'mphindi khumi ndi ziwiri.

"Tikambirana mu ofesi mwanga," ahedi ananong'ona potuluka, akumwetulirabe kwa mlendo.

Mayi Gancheva anapereka masamba aja kwa a Halyna. Iwo anawapinda kanayi n'kuwaika pansi penipeni pa chikwama. Kenako onse awiri anaima pawindo.

Solomiya anali pakhoma pake paja. Ana asanu ndi mmodzi anamuzungulira, Desi ali patsogolo ndi mpira m'khwapa. Anamuitana kuti akasewere, mokweza ngati oitana wogontha. Solomiya anawayang'ana mmodzimmodzi. Iyenso anali ataphunzirapo kanthu m'mawawo, choncho anapukusa mutu mosamala, mwa Chibulgaria.

Anawo anayang'anana. Desi anatembenukira kuwindo.

"Madamu! Ameneyu ndi inde wa kwathu kapena ayi wa kwawo?"

Mayi Gancheva asanatsegule pakamwa, Solomiya anatulutsa manja m'thumba, anasolola mpira m'khwapa mwa Desi, n'kuthawa nawo kulowera pakati pa bwalo.

Kumbuyo kwawo mlembi wa ahedi anagogoda pachitseko. Mayi Gancheva anamuuza kuti akubwera, koma ali ndi khofi woti awiritse kaye.