Benchi ya Wamanzere

"Ndiye mwaganiza bwanji, mayi? Nditenge atatu akalewa kapena atsopanowa?"

Wogula makina owotcherera anafunsa kachitatu, uku akugogoda ndi nsapato katoni imene inali pakona ya shedi. Nesi anali ataima pakati pa shediyo, akuyang'ana makinawo. Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo ake m'manda, koma m'shedimo munkamvekabe fungo lawo: utsi wa chitsulo, girisi, ndi sopo wofiira amene ankasambira m'manja. Pakhomopo aliyense ankamutcha Nesi chiyambireni ntchito kuchipatala, ndipo ndi iyeyo amene anaitana wogulayu m'mawa, osauza munthu.

Bambo ake sikuti kuwotcherera inali ntchito yawo ayi. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi. Zowotchererazi zinali zongosangalatsa mtima Loweruka masana, ndipo atapuma pantchito zinasanduka za tsiku ndi tsiku. Sanagulitsepo ngakhale kampando kamodzi. Akanagula ndani? Mipando yawo inkafuna amuna awiri kuti isunthe, ndipo geti la pakhomo analilimbitsa ngati kuti kudzabwera njovu.

Makina anali atatu, onse ogula kwa anthu. Aakuluwo, olemera ngati injini, anali a marodi, timitengo tachitsulo tosungunuka polumikiza, owotcherera zitsulo zokhuthala. Ena anali a waya ndi botolo la gasi. Achitatu, aang'ono, anali a zitsulo zopyapyala, ofuna manja awiri ndi mtima wodekha. Zingwe zawo zinali mbwee pansi ponse, mpaka chaka chatha bambo anakodwa nazo n'kuthyoka nthiti ziwiri. M'pamene Nesi anawagulira makina amakono, amodzi ogwira ntchito zonse zitatu, ongopotokola kabatani basi. Katoni yake inali imeneyo. Selotepi wake anali asanamatulidwe n'komwe.

"Ine ndikuuzeni zoona," anapitiriza wogulayo. "Ngati pali wina woti azingoseweretsa, sungani atsopanowa. Ndi opepuka, satenga malo, chingwe n'chimodzi. Koma tsiku limene adzafe, mwaferedwa katatu." Anatsokomola, atakumbukira kuti ali pakhomo potani. "Pepani. Ndimati akalewa, amodzi akavuta, awiri amakhala akugwirabe."

"Tengani akalewo," anatero Nesi. "Ndi mabenchi ogwirirapo ntchito omwe, onse awiri. Lero lomwe."

Pakhomo pa shedi panada. Anali mlongo wake wamng'ono, Kamanzere, chikwama chili paphewa. Dzinalo anamupatsa bambo awo ali mwana, ataona dzanja limene ankanyamulira supuni. Anaima nsonga za nsapato zitalekeza pamzere wa chitseko, osalowa.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo Kamanzere anasiya chitsulo chamoto pafupi ndi nsanza za girisi, theka la denga la shedi n'kupsa. Bambo anamuwomba khofi pamaso pa anthu ozimitsa moto aja, n'kunena kuti, "Usadzapondenso muno." Iwo mwina ankanena shedi. Iye anamva nyumba yonse, ndipo anachokadi. Pamaliro anafika ngati mlendo, n'kuima kumbuyo kwenikweni, atanenepa moti azakhali ena sanamuzindikire.

"Achemwali, ine ndikupita. Ndikwere basi ya masana."

"Wawatsanzika amayi?"

"Akungolira. Akuti ndikhaleko sabata. Ndikhalire chiyani? Mwini nyumba anandithamangitsa, ndipo wapita osabweza mawu ake." Anasuzumira m'katimo n'kuseka kuseka kosakoma. "Gulitsani zonse. Zitsulozi ankazikonda kuposa anthu."

Nesi akanangopirira mphindi makumi atatu, mabenchi akanakwera galimoto, mlongo wake akanakwera basi, ndipo nkhani imene inkamusowetsa tulo ikanakwiririka pamodzi ndi eniake.

Nkhani yake inali iyi. Tsiku limene anabwera ndi katoni ija, atainyamula yekha kuchokera pamsewu, thukuta kamukamu, bambo anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"Akuti amagwira ntchito zitatu?"

"Zonse zitatu, bambo. Akalewa muwachotse, musadzagwenso."

"Nanga anthu awiri angawotcherere nthawi imodzi?"

"Ayi, mmodzi. Kodi inu muli awiri?"

"Ndiye asiye pakonapo. Mlongo wako akabwera adzagwira chiyani, azidzangondiyang'ana?" Kenaka, akuyang'ana kukhoma, anawonjezera motsitsa mawu: "Nambala yake uli nayo iwe. Umuuze kuti benchi yake ilipo."

Ngakhale zikomo! Nesi zinamupweteka, ndipo zinkamupwetekabe mpaka lero. Wowatengera kuchipatala anali iye, wowawerengera mapiritsi iye, wowamanga nthiti iye, koma mtima wa bambo unali pa wothawa uja. Anachita nsanje, nsanje yeniyeni ya mwana, ali mayi wamkulu wa ana ake. Uthengawo sanaupereke.

Wogula uja anali atayamba kale kumasula zingwe. Anamaliza pabenchi ya bambo, yakuda ndi yamabangamabanga, n'kupita pa inayo, ya kufupi ndi zenera, pamene panali makina a marodi. Anaima, manja m'chiuno.

"Koma abale, benchi iyi ndi yachilendo. Chogwirira rodi chapachikidwa kumanzere, nyundo kumanzere, swichi nayo anachita kuisamutsira kumanzere. Malemuwa anali amanzere?"

Wogulayo anapititsa chala pamwamba pa benchiyo.

"Komanso palibe anawotchererapo apa, ngakhale kadontho. Dzimbiri palibe, munthu amapaka mafuta." Anatsegula chitini chimene chinali pansi pa benchi, n'kununkhiza. "Marodi ouma bwinobwino, a chaka chino. Awa ndiye ndatola."

"Bambo sanali amanzere," anatero Kamanzere ali pakhomo pomwepo. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Achemwali, benchi iyi ndi ya ndani?"

Nesi akanatha kunama. Bodza linali kale pamlomo, lakupsa: bambo ankaphunzitsa mnzawo wina wamanzere. Koma anaona mmene mlongo wake anagwirira chingwe cha chikwama, ndi dzanja lamanzere lomwelo, ndipo anatopa.

"Ndi yako."

"Yanga bwanji?"

"Anaipanga atangomaliza kukonza denga. Ndinawagulira makina amodzi awa, anawakana, ati amodzi ndi a munthu mmodzi. Anandituma kuti ndikuuze kuti benchi yako ilipo."

"Liti?"

"Chaka chatha, mwezi ngati uno."

Wogula anabweza chitini pansi mwakachetechete, n'kutuluka kukaona matayala a galimoto yake, omwe analibe vuto lililonse.

"Chaka chatha," anabwereza Kamanzere. "Chaka chimenechi ine ndi inu talankhulana kangati? Mumandiuza za sukulu ya ana, za mvula, za bondo la amayi."

"Ndinakwiya, iwe. Ine ndinali pano tsiku lililonse, koma..."

"Iwo sanafunsenso?"

Apa ndiye panali povuta penipeni. Nesi anagwira m'mphepete mwa katoni ija.

"Ankafunsa. Mwezi uliwonse."

"Inu mumati chiyani?"

"Ndimati ndinakuuza. Ndimati wati watanganidwa."

Kunyumba kunkamveka mbale zikutsukidwa, ndi wina akusanja mipando yobwereka. Kamanzere anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali. Nesi ankafuna amutukwane, kapena amuwombe khofi ngati lija, kuti mwina zimupepukire. Sanatero.

"Ndiye apita akudziwa kuti ndinakana," anatero. "Ine kumeneko ndimayang'ana foni ngati chitsiru. Mwatipha tonse awiri, achemwali."

"Pepa."

"Pepaniyo kawauzeni iwowo. Mukudziwa pamene agona."

Nesi analira tsopano, kulira kumene kunamukanika pamaliro, pamene anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Mlongo wake sanamutonthoze. Anatula chikwama pansi, panja, n'kuyang'ana mzere wa chitseko uja. Kenaka anaudumpha.

Anayenda pang'onopang'ono, akulambalala zingwe mwa chizolowezi chakale, mpaka pabenchi ya pazenera. Anatambasula dzanja osayang'ana, ndipo linagwera pa nyundo. Analisuntha pang'ono, linapeza swichi.

Wogula anasuzumira pakhomo. "Mayi, dzuwa likupita. Ndiyambe kukweza?"

Nesi anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Tengani katoniyo. Akalewa asiyeni."

"Mwaganiza bwino? Atatuwa amadya malo."

"Ndati tengani katoniyo."

Wogulayo anainyamula mosavuta, poti inalidi yopepuka, n'kupita nayo. Pakona panatsala malo oyera a makona anayi.

"Ukhala?" anafunsa Nesi.

"Sindikulankhula nanu."

Pamsomali wa pamwamba pa benchiyo panali epuloni yachikopa, yakale, yopserera mbali imodzi. Kamanzere anaizindikira: inali yake, ya tsiku la moto lija. Anaitsitsa, n'kuitembenuza. Chingwe chake cha m'chiuno, chimene kale chinkakwana mnyamata woonda ngati rodi, chinali chitalumikizidwa ndi chidutswa cha lamba wakuda, chosokedwa ndi waya wopyapyala, mosaoneka bwino koma molimba ngati geti lija. Unali lamba wa yunifolomu ya bambo, wa masiku a basi.

Nesi anakumbukira. Tsiku lina, atawanamiza monga mwa nthawi zonse, bambo anangogwedeza mutu n'kufunsa funso limodzi lokha: "Kodi mlongo wakoyo wanenepa?" Iye anayankha mothamanga kuti inde, kwambiri, n'kuiwala.

Kamanzere anakoleka epuloniyo m'khosi, anapititsa manja kumbuyo, n'kumanga lambayo pabowo limene bambo anaboola ndi msomali. Inamukwana ndendende.