Dothi la pa Manda a Bambo

Zaka zitatu ndakhala ndikufunsa Mulungu funso limodzi: ndifere kuno ku Waverley, m'dziko la Ashona, kapena ndipite ku Malawi, dziko lomwe sindinapondemo? Yankho silinabwere. Abusa ankangoti, "Mayi Alesi, pitirizani kupemphera."

Nditatopa n'kudikira, ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Gadzema, kumene tinaika bambo anga, mtchona amene mphamvu zawo zinathera mumgodi. Asanamwalire anandipempha kuti ndikamadzapita kwawo ku Dedza ndidzatenge dothi la pa manda awo, kuti mzimu wawo ukafike kumudzi. Ndinkati ndikaligwira m'manja, mwina Ambuye alankhula.

Manda sindinawapeze. Paliponse panali maenje a anthu ofuna golide, ndipo mtengo wa muwanga umene unali chizindikiro chathu anaudula. Ndinafunsa mmodzi wa iwo m'Chichewa. Anandiyankha m'Chishona kuti sakudziwa, n'kupitiriza kusefa.

Ndinagwada, n'kutapa dothi pamulu womwe unali pafupi. Ndinati, "Ambuye, za kupita ku Malawi zija zisiyeni. Ingondiuzani ngati awa ndi bambo anga."

Dothilo ndinalimanga pansonga ya chitenje. Mpaka lero sindikudziwa amene ndikusunga m'nyumba mwanga.