Nyumba ya Maliro Sikazinga

Kwathu kuno, m'midzi ya asodzi ya ku Calabria, munthu safunsa kuti ndi nyumba iti yaferedwa chaka chino. Amangodikira tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, n'kuyenda m'njira atatchera khutu. Tsiku limenelo nyama sitidya, ndi za m'nyanja zokhazokha, ndipo kuyambira m'mawa chiwaya chimalira khomo lililonse. Khomo limene lili zii, kumeneko kunagwa maliro. Nyumba ya maliro sikazinga mpaka chaka chithe, chifukwa mafuta olira pamoto ndi chisangalalo. Anamfedwa amanyamula chakudya chawo kupita nacho ku uvuni wa wophika buledi, ndipo zokazinga amachita kupatsidwa ndi anansi.

Nyumba ya Fortunata sinkadziwika mbali yake. Mwamuna wake Saverio anapita kukawedza akalamari, nyama zofewa za m'nyanja za miyendo yambiri, mu Okotobala, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Bwato linapezeka patapita masiku awiri likungozungulira lokha, nkhafi zonse ziwiri zili m'malo mwake, ndowa ili ndi akalamari mpaka pakati. Mwini wake sanapezeke, ngakhale chipewa chokha. Amayi ake a Saverio, a Consolata, amene ankakhala m'nyumba yomweyo, anavala zakuda sabata isanathe. Fortunata anakana kwamtuwagalu. Ankati sitima zikuluzikulu zimadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo ndani waiwala za Annibale, amene anatoledwa ndi sitima ya malasha n'kutulukira patatha miyezi itatu kuchokera ku Tunis, atanenepanso. Wansembe atamufunsa za Misa ya maliro, anamuyankha kuti anthu akufa ofunika Misa alipo ambiri kumanda, ayambe ndi amenewo.

Anali mkazi wouma mutu, zimenezo tisabise, ndipo ambirife tinkamukonda chifukwa cha zomwezo. Koma kuuma mutu kumatopetsa mwini wake. Miyezi iwiri anali akugona khutu lili kukhomo.

M'mawa wa tsikulo msuweni wake anamusiyira akalamari asanu ndi awiri ongovuulidwa kumene. Fortunata sanawakonzere kukhitchini. Anatulutsa beseni n'kukhala pakhomo penipeni, atavala diresi lake la maluwa achikasu, kuti wodutsa aliyense aone. Ankakoka mutu pang'onopang'ono kuti zam'kati zituluke zonse kathumba ka inki kasanaphulike, kenaka n'kusolola kafupa kaja koonekera ngati galasi, thupi n'kutsala thumba lopanda kanthu. Anayi anawadula timikombero n'kutigubuduza mu ufa. Atatu aakulu anayamba wawasiya m'madzi.

Ali pakati pa ntchitoyo panafika Santina, mnansi wawo wa khomo loyang'anana nalo, atanyamula mbale yovindikira ndi kansalu koyera. Mwa fungo lokha munthu akanadziwa kuti ndi mandasi aja okhala ndi kansomba kamchere m'kati. Ndipo mbale yovindikira tsiku limeneli imapita khomo la mtundu umodzi wokha.

"Ndangoti mulaweko, achemwali," anatero Santina. "Ndi oyambirira kutuluka m'mafuta."

Fortunata sanatukule mutu. Anati mbaleyo yasochera, kwa a Rosaria ndi uko kwa chitseko chobiriwira, amuna awo tinawaika tonse mu Meyi. Santina anaimabe. Anatsitsa mawu n'kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, miyezi iwiri si masiku awiri, ndipo kukazinga m'nyumba ya munthu wakufa n'kumusowetsa mtendere kumene aliko.

"Makutu anga asiyeni," anatero Fortunata. "Katsineni a amuna anu, mwina angasiye kugona pansi pa tebulo kumowa. Anga akubwera, ndipo adzapeza m'nyumba mwawo mukununkhira mafuta."

Santina anabwerera ndi mbale yake, khosi lili gwa.

Fortunata anakokera mbaula pafupi ndi chitseko, nakupiza makala mpaka anafiira psuu. Anatereka chiwaya n'kuthiramo mafuta a azitona a chaka chomwecho, osaumira, mpaka kufika pakati. A Consolata anali pampando wawo pakona, korona wopempherera ali m'manja. Fortunata ankayembekezera mkangano ndipo mayankho anali atawakonzeratu, koma gogoyo ankangoyang'ana chiwayacho osaphethira.

Atadikira mokwanira, anawaza kaufa m'mafutamo kuti aone ngati apsa. Kaufako kanangomira. Anakupizanso moto, nadikira. Chogwirira cha chiwaya chinatentha moti anachita kuchigwira ndi nsanza. Dontho la madzi litagwera m'mphepete mwake linalira n'kuuma nthawi yomweyo. Ndiye anatenga kamkombero kamodzi ka kalamari n'kukaponyamo.

Kanamira mwakachetechete mpaka pansi. Ufa unasungunuka n'kuyandama pamwamba, ndipo kanyamako kanagona pansi pa chiwaya kali koyera monga kanalowera. Kunja njira yonse inali phokoso la ziwaya, ana akuthamangitsana, wina akuimba mosokoneza. M'nyumbamo munkangomveka kuthetheka kwa makala.

Fortunata anachita chimene mkazi aliyense wanzeru sangachite. Anaviika chala m'mafutamo. Anali ozizira, osati kuzizira kwa mafuta a mumtsuko, koma kuja kolowa mpaka m'fupa kumene amakudziwa munthu wochapa maukonde mu Januwale. Asanaganize n'komwe anaika chalacho pa lilime, ndipo anamva mchere.

Anakhuthula mafutawo, napukuta chiwaya, natunga ena mumtsuko wina umene anapatsidwa ndi achimwene ake a kuphiri. Anawonjezera makala. Zinachitika chimodzimodzi, ndipo ulendo uno m'nyumba munayamba kumveka fungo la pansi pa bwato, la madzi okhalitsa ndi zingwe zonyowa. Anayang'ana apongozi ake. Milomo yawo inali itasiya kupemphera.

"Mafuta a chaka chino ngoipa," anatero Fortunata. "Anthu a kuchigayo cha mafuta akuthiramo madzi. Ndipita nawo ku uvuni, koma aliyense adziwe kuti ndi chifukwa cha mafuta."

Kalamari wa mu uvuni ali ndi lamulo lake: pakamwa pamodzi, kalamari mmodzi. Wa munthu amene kulibe saphikidwa. A Consolata ataona mpongozi wawo akuvuula onse atatu m'beseni, anamukumbutsa motsitsa kuti m'nyumba muno alimo awiri. Fortunata anati alimo atatu, ndipo gogoyo sanabwerezenso.

Manja ndiwo anagwira ntchito, mutu unali kwina. Anafikisa buledi wa dzana kukhala nyenyeswa, nasakaniza ndi adyo, tchizi chouma chopala, dzira limodzi ndi timiyendo ta akalamariwo todula tating'onoting'ono. Khungu sanasende, chifukwa Saverio ankati kukoma kuli pakhungu. Anaika zosakanizazo m'matumba aja osadzaza kwambiri, poti kalamari akapsa amafota ndipo wodzazitsa amaphulika. Anasoka kukamwa kwa aliyense ndi singano ndi ulusi, nawaboola pang'ono. M'thireyi anayala mbatatesi zodula mopyapyala, pamwamba pake akalamari atatu, kenaka matimati ofinya ndi manja. Wamkulu kuposa onse anamugoneka pakati, ndipo ameneyo anali wa Saverio.

Kuchokera kunyumba kwawo kukafika ku uvuni si patali, koma tsiku limenelo njirayo inatalika. Belu la masana linali litangolira kumene. Akazi ankasuzumira pamakomo, zipande zili m'manja, ndipo aliyense amene wakumana naye maso Fortunata ankamuuza za mafuta oipa asanafunsidwe. Onse ankavomera kuti indedi, mafuta a chaka chino ngovuta, kwinaku ziwaya zawo zikulira kumbuyo kwawo.

Ku uvuni anapeza akazi atatu ovala zakuda atakhala pabenchi, kudikira mathireyi awo. A Rosaria a chitseko chobiriwira aja anasendera kuti amupatse malo. Fortunata anathokoza koma anaimirira chomwecho pafupi ndi khomo. Wophika bulediyo, a Demetrio, anali nkhalamba ya nthabwala zosatha, yoti ngakhale pamaliro anthu ankaithawa poopa kuseka. Anayang'ana thireyi, nawerenga akalamariwo ndi maso, nayang'ana diresi la maluwa achikasu. Nthabwala inawathera. Anangolandira thireyiyo pa thabwa lawo lalitali n'kuilowetsa m'kati.

Panapita theka la ola. Mathireyi a akazi aja anatuluka imodziimodzi, koma palibe amene ananyamuka kupita kwawo. Kenaka a Demetrio anasolola ya Fortunata n'kuiika patebulo.

Akalamari awiri a m'mbali anali atapsa bwino, atatupa, atafiirira, matimati akubwatabwata mowazungulira. Wapakati anali monga analowera, wamuwisi, wonyowa, wonyezimira. Pamene anagonapo msuzi sunawire, ndipo anali atazunguliridwa ndi timadzi toyera mbee timene sitinkasakanikirana ndi matimati.

A Demetrio anakanda kumutu n'kunena kuti uvuni umenewu nthawi zina pakati pake pamachita ulesi. Linali bodza, ndipo onse m'chipindamo ankadziwa, chifukwa buledi wa mudzi wonse ankapsera pakati pomwepo. Anachotsa awiri akupsawo n'kuwaika m'mbale. Thireyi anaibweza ndi kalamari mmodzi yekhayo, naikankhira kumapeto kwenikweni, kugundana ndi makala. Anaponyamo nkhuni zina ziwiri. Kutentha kunafika mpaka pabenchi, akazi aja n'kumadzikupiza ndi mipango.

Fortunata anapemphera, koma osati mapemphero a m'buku. Ankangoti apse, apse, ngakhale apserere, bola moto umugwire. Utsi wa mbatatesi zopserera utayamba kutuluka, a Demetrio anasololanso thireyiyo.

Mbatatesi zinali makala. Matimati anali atauma n'kumatirira bii, ndipo chitsulo cha thireyi chinali chitapindika ndi moto. Pakati pa zopserera zonsezo kalamari uja anali chigonere m'timadzi take. Timadontho tofiirira ta pakhungu pake tinkawala n'kuzima, kuwala n'kuzima, kuyambira kukamwa kutsikira kumchira, monga amachitira kalamari amene wangotuluka m'nyanja. Mmodzi wa akazi aja anachita chizindikiro cha mtanda. A Rosaria anatseka maso.

"Mayi," anatero a Demetrio, "uvuni uwu ndaugwirira ntchito zaka makumi anayi. Mukandiuza kuti ndibweze, ndibweza. Koma moto woposa apa ndilibe."

Fortunata anatambasula dzanja n'kumukhudza kalamariyo ndi nsonga za zala. Kuzizira kwake kunali komwe kuja kwa m'mafuta. Mantha anali atamuchokera, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake chinamuchititsa manyazi: anamva kupepukidwa. Sadzagonanso khutu lili kukhomo. Sadzathamangiranso kugombe sitima ikalira. Atangozindikira zimenezo chisoni chinamugwera chonse nthawi imodzi.

"Ayi, bambo," anatero. "Musawavutitsenso. Amuna anga sakubwera."

A Rosaria ananyamuka n'kumugwira paphewa, ndipo sanawachotse dzanja. Iwo ndiwo anamunyamulira mbale ya awiri akupsa aja mpaka pakhomo pake. Thireyi ananyamula yekha. Pobwerera sanalankhule ndi munthu, ndipo palibe anamufunsa. Mumtima ankakonzekera mawu a apongozi ake. Ankadziwa kuti amuuza kuti ndinkanena ine, ndipo anali wokonzeka kuvomera, poti gogoyo ndiye anaona zoona kuyambira pachiyambi.

Atakankha chitseko anapeza mpando wa pakona uli wopanda munthu. A Consolata anali atagwada pambaula, mawondo okalambawo ali pasimenti, akukupiza makala ndi chivindikiro cha poto. Chiwaya chinali pamoto, chodzaza mafuta. Timikombero tonse tija tinali titathera m'menemo, titaunjikana pansi, toyera, tili chete. Zala za gogoyo zinali ufa wokhawokha, ndipo nkhope yawo inali itada ndi utsi.

"Ndimati mwina mafuta amvera dzanja la mayi wake," anatero osatembenuka.

Kenaka anatembenuka, naona thireyi, naonanso nkhope ya mpongozi wawo. Fortunata anayamba kupepesa. Anati iwo ndi amene ankanena zoona, iye ndiye anauma mutu, ndipo mawa apita yekha kwa wansembe kukapempha Misa. Gogoyo anapukusa mutu ngati akumva zachabe.

"Iwenso wagonja?" anafunsa. "Ine ndinavala zakuda chifukwa ndakalamba, ndimaopa pakamwa pa anthu. Koma m'mawa uliwonse ndikakuona ukutukwana aliyense pakhomopo, ndimati mwana ndikadali naye. Unali kundisungira ndiwe."

Fortunata anatsitsa thireyi pansi pafupi nawo. A Consolata anasendera chogwada, nayang'anitsitsa timadontho tija, timene tsopano tinkawala mwa apo ndi apo, mofooka. Anaika chikhatho chawo chonse pa kalamariyo ndipo sanachichotse msanga.

"Akuzizidwa," anatero motsitsa. "Kuyambira ali khanda sankapirira kuzizira."

Anavula shawelo yawo ya ubweya pamapewa, naipinda kawiri, n'kumufunditsa bwinobwino, akulowetsa m'mphepete mwake pansi kuti mphepo isalowe.