Nyimbo Imene Inamukanika Rafik

Chaka chimene Rafik anatuluka m'ndende, Abuna Bishoy, wansembe wa m'mudzi wina kufupi ndi mzinda wa Asyut, anamuika m'sewero lanyimbo la nyengo yosala kudya. Linali la munthu wothawa kwawo, amene chifundo cha Mulungu chinamulondola mpaka m'chipululu, ndipo Rafik anapatsidwa mbali ya munthuyo. Demiana, yemwe ankaimba mbali ya mngelo, atamva zimenezi mtima unamuwawa. Rafik ndiye anagunda mwamuna wake ndi minibasi n'kumupha, akupikisana liwiro ndi mnzake.

"Abuna, mudzi wonsewu mwasowa wina?" anafunsa Demiana.

"Enawa amaimba ngati abulu, mwana wanga, ukudziwa wekha," anatero wansembeyo. Kenako anatsitsa mawu. "Koma sindikukakamiza."

Demiana sanasiye. Sanafune kuti anthu azinena kuti wathawa m'tchalitchi chake chomwe. Pokonzekera ankaimba atayang'ana khoma.

Lamulungu la sewerolo, mapemphero atatha, anthu anadzaza bwalo la tchalitchi. Itafika nthawi yoti Rafik agwade n'kuimba nyimbo yopempha chikhululukiro, maso ake anagwera pa apongozi a Demiana, mayi wa malemuwo, atakhala kutsogolo m'zovala zakuda. Mawu anamuthera. Woimba kiyibodi anayambiranso, koma iye anangoti kakasi, milomo ikunjenjemera.

"Pa chiwongolero paja sunkanjenjemera chonchi!" wina anakuwa kumbuyo.

Demiana anali atalakalaka kwa nthawi yaitali kumuona munthuyu akuchita manyazi pagulu. Tsopano ankamuona, thukuta lili kamukamu, ndipo sizinamukomere. Anasendera pafupi n'kuyamba kuimba yekha nyimbo ya Rafikyo, mawu a wochimwa akutuluka m'kamwa mwa mngelo. Pakati pa nyimboyo Rafik analowamo, mawu ake ali osasa, ndipo anamaliza limodzi.

Apongozi aja ananyamuka n'kutuluka osamuyang'ana Demiana. Demiana anadziwa kuti kunyumba kukavuta.

Rafik anamupeza Demiana pachipata n'kumuitana ndi dzina la mwana wake. "Make Mina, ine sindikudziwa kuti ndinene..."

"Usandithokoze," anatero Demiana. "Mumtimamu sizinathe. Koma Lachisanu ubwere kumanda, udzaone pamene tinamuika."

Lachisanu Rafik anabweradi. Anaima patali, mpaka Demiana anamukodola kuti asendere. Anapemphera aliyense payekha, ndipo pobwerera anayenda msewu umodzi, osayankhulana, mpaka pamphambano.