Nkhope ya Maame Dufie pa Thumba la Ufa

Kenke, nsima yogulitsa yokulunga m'makoko a chimanga, anali atazizira kale m'beseni pamene Maame Dufie anaona Afrakoma, kasitomala wake wakalekale, akulambalala kuseri kwa matebulo a tomato.

"Afrakoma! Maso akudwala lero? Ndili pano!"

Afrakoma anaima patali. "Maame, ine sindinanene kanthu. Pitani kwa Wofa Gyamfi mukadzionere nokha."

Wofa Gyamfi anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu kumapeto kwa msika wa Techiman. Munali mabenchi, kanema mmodzi ndi jenereta yotsokomola. Filimu iliyonse ankailengeza ndi chithunzi chapenti, chojambulidwa pa matumba a ufa osokedwa pamodzi.

Dufie atafika pakhomopo, anayang'ana chithunzicho. Pathumbapo panali iyeyo. Mpata wa m'mano unali wake, chipsera cha patsaya chake, ngakhale duku lachikasu lomwe anavala m'mawa umenewo. M'kamwa munkatuluka njoka. M'manja munali beseni la kenke, ndipo anthu amene ankadya anali atayamba kumera nyanga za mbuzi.

"Wofa! Tulukani kuno, mubwere ndi wopenta wanuyo!"

Gyamfi anatuluka akupukuta manja. Pambuyo pake panali Boakye, bambo wowonda amene ankapentera m'kashedi koyang'anizana ndi tebulo la Dufie.

"Maame, mtima pansi," anatero Gyamfi. "Ndi filimu chabe."

"Filimu chabe? Ana anga adya filimu? Kenke wanga akuwawasa m'beseni, palibe akugula!"

Boakye anazyolika. "Tepi inabwera yopanda chikuto, Maame. Ife sitionera filimu tisanapente, nthawi imachepa. Wofa anangoti muli mfiti yogulitsa chakudya, imasandutsa anthu mbuzi. Dzanja linangotenga nkhope imene ndimaiona tsiku lonse. Ndinazindikira penti itauma."

"Bwanji simunapente amayi anu?"

Anthu amene anayamba kusonkhana anaseka, koma palibe amene anasendera pafupi ndi Dufie.

"Ndiye ndizionetsa chiyani?" Gyamfi anatambasula manja. "Za karate zimathamangitsa magazi, koma nkhani mulibe, n'kumenyana basi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Za ku India nyimbo zake n'zokoma, akazi amalira mpaka kukhuta, koma anthu awiri kuzungulira mtengo umodzi mpaka mafuta a jenereta kutha! Za Azungu zamfuti zimaoneka bwino, koma amalankhulira m'mphuno, sitimva. Za mfiti ndi zathu. Chithunzi chimanjenjemera, mawu amachedwa, koma munthu amaonamo azakhali ake, amaonamo woyandikana naye nyumba."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero Dufie. "Za ku Indiazo akalira amapukuta misozi n'kumapita. Zanuzi amapita nazo kunyumba."

Gyamfi anakanda m'mutu. "Chabwino. Boakye, tsitsa thumbalo."

"Ayi, lisiyeni. Mukalitsitsa pano ati ndakuopsezani ndi mankhwala. Filimu yamasana iyamba nthawi yanji? Ndikhala benchi ya kutsogolo. Aone okha kuti mfitiyo si ine."

Masanawo m'nyumbamo munadzaza, ena mpaka anaimirira m'makoma. Ambiri anabwera kudzaona Dufie, osati filimu. Dufie anakhala kutsogolo, msana chilili, manja pamaondo.

Filimuyo inali yogwira mtima, iyenso sakanakana. Pamene mayi wina ankafunafuna mwamuna wake kuzungulira mudzi wonse, osadziwa kuti ndi mbuzi imene yamangidwa kuseri kwa khitchini, Dufie anapezeka wagwiritsitsa benchi. Ndipo mfiti ija inali mtsikana wochepa thupi, wa mano othithikana, wopanda chipsera.

"Si iwo ayi," anatero wina kumbuyo. "Boakye analedzera."

Dufie anapuma mpweya wautali.

Koma chakumapeto kunabwera mbusa wa mpingo n'kuwaza mtsikanayo madzi opempherera. Nkhope yake inayamba kusungunuka ngati kandulo. Zinapangidwa mosalongosoka, munthu amatha kuona pamene anadula n'kulumikiza tepi. Komabe anthu anakuwa. Pamalo pa mtsikana panaima mayi wonenepa, wachikulire, wovala duku.

Sankafanana ndi Dufie n'komwe. Koma mitu yonse inatembenukira kwa iye.

"Eee! Kodi mfiti zimasintha nkhope!" mawu achikazi anatero mumdima.

Wina kumbuyo analira ngati mbuzi. Anthu anaseka, koma amene anakhala benchi imodzi ndi Dufie anasendera kumapeto mpaka wina anagwa pansi.

M'mawa mwake Boakye anafafaniza nkhope ija ndi penti yakuda. Kenako anawoloka njira, nakhala pampando wa makasitomala a Dufie.

"Kenke ndi nsomba, Maame. Tsabola wambiri."

Anadya pang'onopang'ono, moonetsera, akunyambita zala kuti msika wonse uone. Amayi a tomato anasiya kuitanira malonda. Oyendetsa ngolo anaima. Onse ankayang'ana pamphumi pake.

"Boakye, wayamba kuyabwa pamutu?" wogulitsa nyama anafuula. "Ukamera nyanga ubwere kuno, ndikugula!"

Boakye anamaliza, nasamba m'manja. Palibe wina amene anabwera kudzagula.

"Mawa ndibweranso, Maame," ananena motsitsa mawu. "Tsiku lililonse, mpaka atatopa."

Dufie anamuyang'ana. Anaona mafupa a m'khosi otuluka, anamvanso kachifuwa kamene penti inamupatsa.

"Musabwerenso, bambo Boakye."

"Ndikufuna kukonza zimene ndinalakwitsa."

"Ndikudziwa. Koma mwadya changa pamaso pa msika wonse. Mukangodwala, ngakhale malungo wamba, anthu awa andigenda miyala."

Boakye anadzuka, nabwerera kukashedi kake.

Dufie anavindikira beseni, nalisenza. Anadutsa pakati pa matebulo, anthu akumupatukira, n'kulunjika kokwerera magalimoto kukafunsa za galimoto ya ku Sunyani, kumene kunali mng'ono wake.